Khirisimasi kwa Nsamala: mbira ndi akalulu tiziteteza bwanji?

Ikafika sabata yachiwiri ya Disembala, msika wa pa Balaka umasintha maonekedwe. Pamabenchi pomwe masiku onse pamakhala sopo, machesi ndi mabatire a tochi pamayamba kulendewera tizingwe tonyezimira, mabaluni, timagetsi tothwanima ndi timitengo tapulasitiki tobiriwira. Anyamata amayenda ndi makombola m'matumba. Mabasi ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni amatsitsa abale atasenza zikwama zamasiwiti, mabisiketi ndi zovala za ana. Katundu yenseyu amakathera m'nyumba za m'dera la Mfumu Yaikulu Nsamala ndi midzi yoyandikana nayo mpaka kutsidya kwa Shire ku Machinga, ndipo m'nyumbamo amakapezamo eni khomo ena amene safunsidwa maganizo: mbira za kukhitchini, akalulu a m'khola la kuseri, mphaka, galu, nkhuku ndi mbuzi.

Ku Ulaya ndi ku America, nyengo ngati imeneyi madokotala a ziweto amakhala kalikiliki kuchenjeza anthu amene amaweta chinchilla kuti asamale ndi mtengo wa Khirisimasi ndi zokongoletsa zake. Chinchilla si kanyama kamene mungakapeze pakhomo la ku Utale kapena ku Phalula, koma mbale wake weniweni tili naye, ndiye mbira. Zomwe zimapha chinchilla kumeneko n'zomwe zingaphe mbira kuno, ndipo zambiri zimakhudzanso kalulu. Kusiyana kwake n'kwakuti malangizo akunjawo adalembedwera Disembala wachisanu, pomwe wathu ndi wa thukuta, mvula ndi mankhwala a m'munda. Tiyeni tiione nkhaniyi yonse monga ilili kwathu kuno.

Ubale wa chinchilla ndi mbira

Chinchilla ndi kanyama ka makutu aakulu, mchira wa ubweya wambiri ndi thupi losafika kilogalamu imodzi. Kwawo ndi ku mapiri a Andes, ku South America, komwe kumazizira ndipo mvula imagwa yochepa. Ubweya wake ndi wothithikana kwambiri: pomwe pakhungu la munthu pamatuluka tsitsi limodzi, pa chinchilla pamatuluka ubweya woposa 50. Ubweya womwewo ndiwo udakaputira tsoka. M'zaka za m'ma 1800 alenje adakasaka mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo lero mitundu yake yonse iwiri ili pa mndandanda wa nyama zomwe zingathe kutha padziko. Dziko la Chile lidachita kupatula nkhalango pafupi ndi tauni ya Illapel kuti zotsalazo zitetezedwe.

Zoweta zambiri za masiku ano zidachokera ku chinchilla 11 zomwe Mathias Chapman, katswiri wa migodi wa ku America, adapita nazo ku California mu 1923. Paulendo wa pa sitima ya pamadzi ankachita kuziziritsa khola ndi madzi oundana kuti zisafe ndi kutentha. Poyamba ankaziweta chifukwa cha zikopa, kenako anthu adayamba kuzisunga m'nyumba ngati zongosangalatsa. Zikasamalidwa bwino zimatha zaka zoposa 10.

Mbira nayo kwawo ndi ku Andes komweko. Anthu a ku Peru ndi ku Bolivia adayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero ndi ndiwo yolemekezeka. Kawetedwe kake sikasiyana ndi kathu: amazisiya kukhitchini, zizidya udzu ndi makoko a zamasamba. Kwathu mbira ndi chuma cha mwana wa sukulu ndi mayi wa pakhomo. Sifuna mbusa, sifuna dambo, imatenga bere masiku 59 mpaka 72, ndipo ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula, n'kuyamba kudya udzu m'masiku oyamba omwe. Ku dera louma ngati Balaka, komwe chimanga chimakanika kawirikawiri, mbira kapena kalulu mmodzi akagulitsidwa mu Januwale amagula makope ndi sopo. Kuteteza tiziwetoti pa Khirisimasi si nkhani ya chifundo chokha ayi, ndi nkhani ya m'thumba.

Mano osaleka kukula, mimba yosadziwa kusanza

Kuti timvetse gwero la ngozi zonsezi, tiyambe ndi thupi la nyamazi. Chinchilla, mbira ndi kalulu zili ndi mano amene amakula moyo wonse. Mano akutsogolo a kalulu amakula pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Akapanda kuperepeseka ndi kutafuna, amatalika mpaka kubaya lilime ndi masaya. N'chifukwa chake nyamazi zimangotafuna chilichonse chomwe zapeza, osati chifukwa cha njala kapena mwano, koma chibadwa.

Taonetsetsani mbira ikapeza chinthu chachilendo pansi. Imayandikira mozemba, khosi litatambasuka, mphuno ikugwedezeka. Imanunkhiza, kubwerera pang'ono, n'kubweranso. Kenako imayika mano, kamodzi, kawiri, ngati ikungoyesa. Ikaona kuti chinthucho chikulumika, imakhazikika n'kuyamba kuchikokera m'kamwa pang'onopang'ono monga imachitira ndi phesi la chisoso, nsagwada zikupera osapuma. Chikhale chisoso, chikhale chingwe cha magetsi kapena kachidutswa ka baluni, kwa iyo n'chimodzimodzi.

Vuto lachiwiri n'lakuti nyama zitatuzi sizisanza. Galu akadya chosayenera amapita kuseri n'kukabweza, koma chomwe mbira yameza chimayenera kudutsa m'matumbo monse. Komanso m'mimba mwake muli tizilombo tabwino tomwe timagaya udzu, ndipo timafuna chakudya chofanana tsiku ndi tsiku. Mukasintha mwadzidzidzi, tizilomboti timasokonekera, mimba imafufuma ndi mpweya kapena kutseguka. Chachitatu, izi ndi nyama zomwe kuthengo zimadyedwa ndi zinzake, choncho zimabisa ululu. Pomwe mwini wake azidzaona kuti mbira yangoti ndwii pakona, ubweya utanyankhalala, matenda amakhala atapita kale patali.

Mtengo weniweniwo

Mwambo wokongoletsa mtengo udayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1500, ndipo udafala ku England chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert atazungulira mtengo wawo chitatuluka m'nyuzipepala mu 1848. Kumeneko amadula mtengo wamoyo wa mtundu wa paini n'kuuimika m'chidebe cha madzi. Madziwo amasakanikirana ndi utomoni, ena amathiramo mankhwala kuti masamba asafote, ndipo chinchilla ikamwa imadwala. Masamba ake osongoka amabaya m'kamwa, ndipo mitengo yogulitsa imakhala itapoperedwa mankhwala. Popeza chinchilla imalumpha kupitirira mita imodzi, kuika mtengo pa tebulo sikuithandiza kanthu.

Kuno paini amachita bwino kozizira monga pa phiri la Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa, osati ku chigwa chotentha cha Balaka. Ambiri amene amaika mtengo amagula wapulasitiki, ena amangothyola nthambi ya mtengo wa pampanda n'kuiimika m'chitini cha mchenga. Wapulasitiki uli ndi zovuta zake: timasamba take timathothoka n'kugwera pansi, ndipo mkati mwa nthambi zake muli waya wolasa. Ndi wopepuka, mphaka akangoukwera wagwa. Nthambi yothyola nayo iyenera kudziwika kuti ndi ya mtengo wanji, chifukwa si chobiriwira chilichonse chimene chili chakudya.

Mwayi wathu ndi wakuti mbira si katswiri wokwera kapena kulumpha. Mtengo ukakhala pa tebulo, womangidwa ndi chingwe ku msomali wa pakhoma, ndipo pansi pakusesedwa m'mawa ndi madzulo, theka la ngozi lachoka. Kalulu yekha ndiye amafika pa mpando, choncho asalowe n'komwe m'chipindamo.

Mabanja ena achikatolika, omwe ndi ambiri ku Balaka, amamanganso kakhola kokumbukira kubadwa kwa Yesu, mwambo womwe Fransisko wa ku Assisi adauyambitsa ku Greccio mu 1223. Kakholaka kamamangidwa ndi udzu wouma, ndipo udzu wouma ndi chakudya cha kalulu. Pambali pake pakakhala kandulo woyaka, chiweto chikangokoka udzu umodzi, nkhani yake ndi ya moto. Kakhola kakhale pamwamba, kandulo akhale patali ndi udzu.

Mawaya, mabatire ndi makandulo

Timagetsi ta pamtengo tidayamba ndi Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, ku New York mu 1882. Tomwe timagula pamsika masiku ano tili ndi tizingwe topyapyala, tosavuta kuluma. Magetsi a ESCOM ndi a mphamvu ya mavoti 230, okwana kupha mbira nthawi yomweyo. Ikapulumuka, imapsa lilime ndi milomo, ndipo patapita maola angapo madzi amatha kudzaza m'mapapo mwake n'kuyamba kubanika. Waya wosendedwa uja amatsala ali msampha wa mwana wokwawa, ndiponso angayatse mkeka kapena katani.

Amene amagwiritsa ntchito sola asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Mavoti 12 sagwedeza kwambiri, koma mawaya awiri osendeka akakhudzana amatentha mpaka kuyaka, ndipo batire lokhala pansi lili ndi asidi ndi mtovu. Chingwe chilichonse, cha timagetsi, cha wailesi kapena chotchajira foni, chidutse m'mwamba mwa khoma. Pomwe chikuyenera kudutsa pansi chilowetsedwe m'paipi yapulasitiki yolimba. Pogona kapena pochoka, zimitsani ndi kuzula pasoketi.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe ambiri sakaganizira: timabatire tozungulira ngati batani la malaya, tomwe timakhala m'zidole zoimba ndi m'timagetsi ta m'manja. Kabatire kotere kakakakamira pammero kamawotcha mnofu m'maola awiri okha. Galu akhoza kukameza, mwana wamng'ono chimodzimodzi. Chidole chikathyoka, tolani timabatire tonse musanachite china chilichonse.

Magetsi akathima timayatsa makandulo, ndipo mvula ikagwa timalowetsa mbaula m'nyumba. Nyengo ya zikondwerero kuba ziweto kumachuluka, choncho ambiri amalowetsanso nkhuku, akalulu ndi mbuzi m'nyumba usiku n'kutseka mawindo onse. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka ndipo sununkha. Tinyama ting'onoting'ono timapuma mofulumira ndipo timayamba kufa ndito. Mbaula izimitsidwe kapena itulutsidwe anthu asanagone.

Zonyezimira, mabaluni ndi majumbo

Tizingwe tonyezimira tija n'toopsa kuposa momwe timaonekera. Chinthu chachitali ngati ulusi chikamezedwa, mbali imodzi imakodwa pansi pa lilime kapena potulukira m'chifu, pomwe mbali inayo ikupitirira. Matumbo poyesa kuchikankha amakwinyika, ndipo ulusiwo umawacheka. Amphaka ndiwo amakodwa kwambiri chifukwa amakonda kusewera ndi chilichonse chogwedezeka. Mukaona kachingwe kakulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwa chiweto, musakoke. Kukoka ndiko kumaliza kung'amba matumbo. Pitani nacho kwa odziwa.

Mipira yagalasi ikasweka, tizidutswa take timabaya zikhatho za mbira, zomwe n'zofewa ndi zopanda ubweya. Thonje lomwe ena amamata pamtengo kuti lizioneka ngati chipale chofewa limatseka matumbo. Timawaya topachikira zokongoletsa, mapini, maliboni ndi mapepala okulungira mphatso zonse zikatayidwe kudzala lokwiririka.

Phwando likatha, bwalo limadzaza ndi mabaluni ophulika, mapepala a masiwiti ndi majumbo onunkhira mafuta ndi mchere. Mbuzi ndi ng'ombe sizisankha. Pulasitiki sagayika, amangounjikana m'chifu mpaka chiweto kuyamba kuonda chikudya, ndipo aliyense amene adaonererapo opha mbuzi pamsika akutsuka zam'kati amadziwa zomwe zimatuluka m'menemo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'misika. Kusesa bwalo m'mamawa pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale, mbuzi zisanatulutsidwe, n'kotsika mtengo kuposa kutaya thadzi la mbuzi.

Maluwa okongola, masamba akupha

Kunja amachenjeza za poinsettia, chitsamba cha ku Mexico cha masamba ofiira chomwe amakongoletsera nyumba pa Khirisimasi. Kwathu chimamera m'mipanda ndipo chimafiira nthawi yozizira, cha m'ma Juni. Utomoni wake woyera umayabwa m'kamwa koma kawirikawiri supha. Mbale wake nkhadze ndiye woopsa kwenikweni: utomoni wake umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ungaononge maso. Nthambi ya nkhadze siyenera kulowa m'nyumba ngati chokongoletsa.

Mvula zoyamba zikagwa, m'tchire mumatuluka duwa lofiira ndi lachikasu looneka ngati malawi a moto, lija anthu a ku Zimbabwe adalisankha kukhala duwa la dziko lawo. Ana amakonda kulithyola n'kuliika m'botolo pa tebulo. Chomera chonsecho, makamaka chitsinde chake cha pansi, chili ndi poizoni wotchedwa colchicine amene amapha ngakhale munthu. Oleander, chitsamba cha masamba aatali ndi maluwa apinki kapena oyera chomwe chimabzalidwa m'mabwalo a sukulu ndi m'maofesi, chimaimitsa mtima, ndipo masamba ochepa okha ndi okwana. Nthanga za nsatsi, zomwe ana amatunga ngati mikanda, nazo ndi poizoni. Lantana wa pampanda amaononga chiwindi cha ziweto.

Pamndandanda womwewu tiikepo masamba a mapeyala, a tomato ndi a mbatatesi, omwe sayenera kuperekedwa kwa kalulu kapena mbira. Chigwada chachiwisi, makamaka cha chinangwa chowawa, chili ndi poizoni amene amachepa masambawo akafota bwino. Lukina ndi wabwino pang'ono chabe, akachuluka amathothola ubweya. Lamulo ndi limodzi: chomwe simudachiperekepo, musachiyambe sabata ya Khirisimasi, ndipo chomwe simukuchidziwa funsani. Paja safunsa adadya phula.

Zotsala za paphwando

Tsiku la Khirisimasi pakhomo pamanunkhira mpunga, nkhuku, mandazi ndi tchipisi, ndipo mwana wokonda mbira yake amafuna kuti nayo isangalale. Apa mpofunika kumulangiza. Mbira, kalulu ndi chinchilla zimadya udzu ndi masamba. Bisiketi, buledi, siwiti, mpunga wamafuta ndi zakumwa zotsekemera zimafufumitsa mimba, ndipo chiweto chimatha kufa usiku umodzi. Mango, omwe nyengoyi amakhala paliponse, aperekedwe kachidutswa kakang'ono kokha, ndipo kwa chinchilla ngakhale kameneko n'kochuluka.

Mbira ili ndi chosowa chimodzi chofanana ndi munthu: thupi lake silipanga vitamini C, choncho imafuna zamasamba zatsopano tsiku lililonse. Banja likapita kumudzi kwa masiku angapo n'kuisiyira madeya okhaokha, imafooka. Chisoso, kholowa, mwamunaaligone, bonongwe pang'ono, masamba a nthochi ndi udzu wabwino ndizo zake, pamodzi ndi madzi oyera.

Galu ndi mphaka nawo ali ndi zawo zoletsedwa. Mafupa a nkhuku yophika amasweka mosongoka n'kubaya pammero ndi m'matumbo. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi awo. Chokoleti chili ndi theobromine yemwe thupi la galu silitha kumuchotsa msanga, ndipo mphesa zouma za m'keke zimaononga impso. Kumwetsa galu kachasu kuti anthu aseke ndi nkhanza, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza. Zakudya zikachuluka makoswe amachulukanso, ndipo ena amatchera tameki wosakaniza ndi nsima. Tameki sasankha: amapha khoswe, nkhuku yomwe yatola nyamboyo, mphaka amene wadya khosweyo, ngakhale mwana. Msampha wamba ndi wabwino kuposa poizoni ameneyu.

Nkhuku yogula pamsika kuti ikhale ndiwo ya Khirisimasi imangiriridwe payokha, kutali ndi za pakhomo. Chitopa chimayenda chonchi, ndipo chikalowa chimasesa khola lonse. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, ndi wotsika mtengo ndipo alangizi amamudziwa.

Disembala wathu ndi wotentha

Apa ndi pomwe malangizo akunja amafunika kuwatembenuza. Chinchilla imayamba kuvutika kutentha kukafika pa madigiri 26 kapena 27, makamaka kukakhala chinyezi. Siituluka thukuta, ndipo siiyenera kusamba m'madzi chifukwa ubweya wake suuma msanga, umachita nkhungu. Imasamba pogubuduka m'fumbi losalala. Ku Ulaya amaiteteza ku moto wotenthetsera nyumba, koma ku Balaka ndi ku Liwonde masana a Disembala kumapitirira madigiri 30 kawirikawiri. Wachibale wa ku Johannesburg akaganiza zobweretsera mwana chinchilla ngati mphatso, muthokozeni n'kumuuza kuti asavutike. Popanda makina oziziritsira chipinda oyaka usana ndi usiku, kanyamako sikangakhale moyo kuno.

Mbira ndi akalulu amapirira kuposa apo, koma osati kwambiri. Pa Khirisimasi moto wa kukhitchini umayaka kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, mapoto ali mbali zonse, anthu akulowa ndi kutuluka. Mbira zomwe masiku onse zimakhala mwamtendere pansi pa nsanja zimapsa, zimapondedwa, kapena kubanika ndi utsi. Kalulu wotenthedwa amagona chotambalala, akupuma mothamanga, makutu atafiira. Musunthireni pamthunzi podutsa mphepo, munyowetseni makutu ndi madzi ozizira pang'ono, osamumiza m'ndowa. Khola la denga la malata lifoleredwe udzu pamwamba.

Mvula nayo imabwera ndi zake. Udzu wanthete wonyowa ndi mame umafufumitsa mimba, choncho umwetedwe n'kuyanikidwa pamthunzi kwa maola angapo kuti ufote. Madeya onyowa amachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni wa chiwindi. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yopopera: mankhwala opha udzu, mankhwala a ntchemberezandonda zomwe zidavuta chimanga kuyambira 2016 ndi 2017, ndi mankhwala a thonje lomwe Balaka imadziwika nalo. Mwana wotumidwa kukamweta udzu mothamanga, mtima uli kuphwando, amangomweta m'mbali mwa munda woyandikira. Auzidwe malo enieni okamweta. Thumba la feteleza wa yureya likhale kotsekedwa, chifukwa mbuzi ikanyambita wambiri imafa m'kanthawi kochepa. Ndipo musaiwale linthumbu: usiku umodzi wa mvula lingathe ana onse a kalulu m'khola. Miyendo ya khola iimikidwe m'zitini za madzi kapena pozungulira pake pathiridwe phulusa.

Makombola, zimkuzamawu ndi manja a alendo

Kwa Nsamala kuli Akhristu ndi Asilamu, koma phokoso la usiku wa Chaka Chatsopano limafika pakhomo pa aliyense. Kalulu akadzidzimuka amathamanga mwakhungu m'khola, ndipo chifukwa miyendo yake yakumbuyo ndi yamphamvu pomwe mafupa ndi opepuka, amatha kudzithyola msana. Wamkazi wa ana aang'ono amatha kuwaponda kapena kuwasiya. Mbira zimaunjikana pakona n'kupanikizana. Chomwe zimafuna ndi pobisala: katoni yoboola, mphika wakale wogonekedwa chammbali, kapena mulu wa udzu wouma. Khola liphimbidwe ndi chiguduli mbali yomwe kukuchokera phokoso, koma mpweya uzidutsa.

Galu wamantha amathawa pakhomo, kukagundidwa pamsewu, kapena kuluma munthu amene masiku onse amasewera naye. Amangidwe malo abata dzuwa lisanalowe, ndipo kumuponyera kombola ndi kuputa dala ngozi. Chiwewe chikadalipo m'dziko muno, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lidayamba kutemera agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015. Munthu akalumidwa, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana obwera kutchuthi kuchokera m'tauni amafuna kunyamula chilichonse. Mbira ikagwa kuchokera m'manja mwa mwana woimirira imathyoka mwendo kapena mano. Aphunzitsidwe kukhala pansi, dzanja lina pansi pa chifuwa cha chiweto, lina lochirikiza kumbuyo. Kalulu sanyamulidwa ndi makutu, ngakhale tidakula tikuona anthu akutero. Mbira yabere isanyamulidwe n'komwe. Chinchilla ikagwidwa mwankhanza imangosiya ubweya m'manja mwa woigwirayo n'kuthawa, njira yomwe imapulumukira kwa adani ake kuthengo.

Ngozi ikachitika

Chizindikiro choyamba chili pansi pa khola. Mbira kapena kalulu wathanzi amasiya timibulu tambiri tofanana kukula. M'mawa mukapeza tochepa, tating'ono, tolumikizana ndi ulusi, kapena osapezapo kanthu, ndipo udzu wa dzulo uli momwe mudausiyira, dziwani kuti matumbo aima. Theka la tsiku osadya ndi nthawi yaitali kwa nyama zimenezi. Zizindikiro zina ndi dovu pachibwano, kukukuta mano, mimba yolimba ndi kupuma ndi pakamwa.

Chiweto chikagwidwa ndi magetsi, yambani mwazimitsa pasoketi musanachikhudze. Musayese kusanzitsa mbira kapena kalulu, ndipo musazimwetse mafuta kapena mkaka. Koposa zonse, musazipatse makapisozi a anthu. Amoxicillin, ampicillin ndi mankhwala ena a gulu la penicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbira, ndipo mbirayo imafa m'masiku ochepa. Kalulu nayenso sayenera kumwetsedwa mankhwalawa. Panado mmodzi ndi wokwana kupha mphaka.

Boma la Balaka, lomwe lidapatuka ku Machinga mu 1998, lili ndi maofesi a zaulimi m'madera monga Bazale, Mpilisi, Rivirivi, Utale, Phalula ndi Ulongwe, komwe mungafunse za mlangizi wa ziweto. Maofesi amatseka pa tchuthi, choncho tengani nambala ya foni ya mlangizi wa kwanu Khirisimasi isanafike. Popita kwa iye nyamulani chotsala cha chomwe chiweto chadya, kaya ndi tsamba, botolo kapena pepala la mankhwala. Mabungwe oteteza nyama ngati LSPCA ku Lilongwe ndi anzawo a ku Blantyre ali ndi madokotala a ziweto zing'onozing'ono, koma kwa munthu wa kumudzi ulendo wake ndi wautali, ndipo opaleshoni ya matumbo a mbira si chinthu choyembekezera.

Tikaziika pamodzi zonsezi, zikuoneka kuti mtengo pawokha si mdani wamkulu. Chimene chimapha tiziweto pa Khirisimasi ndi kusintha kwa pakhomo: zinthu zachilendo zimagwera pansi pomwe pamakhala nyama zotafuna chilichonse, chakudya chimasintha, ndipo amene amazisamala masiku onse maso ake amakhala kwina. Mankhwala ake safuna ndalama. Sabata imodzi chikondwerero chisanayambe, samutsirani mbira ndi akalulu m'khola lotseka, lamthunzi, lotalikirana ndi khitchini ndi pabwalo la gule, kuti azolowere. Apatseni chakudya chomwe amadya nthawi zonse. Kwezani mtengo, mawaya ndi makandulo m'mwamba, ndipo sesani pansi kawiri pa tsiku. Pomaliza, makolo, sankhani munthu mmodzi, kaya ndi mwana wamkulu kaya ndi inu nomwe, amene aziyang'ana m'khola m'mawa ndi madzulo kuyambira pa 24 Disembala mpaka pa 2 Januwale, ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti ntchitoyo ndi ya ameneyo.